Khomo limene ndinatseka

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, nkhuni za moto wa abambo zitasanduka phulusa. Mvumbi unali utayamba, ndipo tenti imene tinagonamo inkadontha pakona. M'nyumba amayi ankaimba motsitsa mawu. Linali tsiku loika m'manda alongo anga aakulu, amene anandilera makolo athu atatisiya ku Petauke.

Nyumba yawo ndi imodzi mwa zija zakale za anthu a njanji. Inali ndi khonde lalitali lopaka polishi wofiira, mizati inayi, ndi zitseko ziwiri za mukwa zotsegukira uku ndi uku. Alamu anga atamwalira, ana anandipempha kuti ndiyang'anire ntchito yoikonza, popeza denga linkadontha ndipo chiswe chinali chitalowa m'mapaso. Denga ndinakonzetsa bwino. Koma sindinalekere pomwepo. Ndinaona nyumba zatsopano za ku Mulungushi, mtima nkuyamba kusirira. Ndinauza mmisiri atseke khonde ndi njerwa kuti pakhale chipinda, azule zitseko ziwiri zija, aike chimodzi chachitsulo kumbali, chopapatiza, chifukwa cha akuba. Wolowa ankayenera kukhota kawiri asanafike pabalaza.

Alongo anga anandiletsa kamodzi kokha. "Khomo ilo mulisiye, alongo. Atate a ana anatulukira pamenepo, nanenso ndidzatulukira pomwepo." Ine ndinaseka, nkunena kuti ukalamba umakonda zakale. Iwo sanabwerezenso.

Kutacha, amayi anakoleza moto kuseri pansi pa malata, utsi ukukwawa ndi nthaka chifukwa cha chinyezi. Anthu anayamba kufika, ena pansi kuchokera ku Katondo, ena pa minibasi kuchokera ku Nakoli, maambulera atatu anthu asanu ndi awiri. Okalamba amene anaidziwa nyumbayo kale ankaima pachipata, kufunafuna khonde ndi maso. Pa maliro a alamu anga anthu oposa awa anabisala mvula pamenepo. Tsikuli anatsamira khoma langa, madzi a padenga akuwagwera pamapewa. Anzathu Achibemba, amene pa mwambo wa chimbuya ali ndi ufulu wotinyoza ife akum'mawa ngakhale pamaliro, anali atandipaka kale ufa kumutu.

Bokosi linafika kuchokera ku mochale cha m'ma teni koloko. Alongo anga anali atapempha kuti asanapite kutchalitchi adzagone pabalaza pawo pang'ono, amayi a chigwirizano awaimbire. Amuna asanu ndi mmodzi analinyamula mpaka pachitseko chachitsulo. Mutu wa bokosi unalowa, nkugunda khoma la mkati. Anabwerera, nayesa mopendeka. Linakananso. Nyimbo inazilala m'nyumba, mpaka panangomveka mvula. Wina ananong'ona kuti aliimiritse. Mwana wamkazi wa malemu analira mokweza: "Amayi anga musawaimike monga kabati!"

Pamenepo mayi wina Wachibemba, mnansi wawo wa zaka zambiri, anabwera patsogolo panga manja ali m'chiuno.

"Ba Phiri, ichi ni chitseko olo ni una wa mbeba? Mwazidya maningi, manje mwayamba na kumanga monga zeve!"

Ankatinyoza kuti tadya mbewa zambiri, mpaka tayamba kumanga monga izo. Anthu anaseka, monga mwambo ufunira, koma kuseka kwake kunatha msanga. Ine ufa unkasungunuka ndi mvula, kutsikira m'khosi la jekete. Mbusa anandiyandikira nati mwina tingowaikira patebulo m'tenti, nthawi yatha. Onse anayang'ana ine, popeza ndine mwini mbumba. Mawu a akulu akoma akagonera; a alongo anga anali atagonera zaka zinayi.

Ndinati abweretse nyundo. Inachokera kwa mnansi wina, ndipo mayi Wachibemba uja anailanda nkuiika m'manja mwanga. "Wamene anamanga ndiye agumule," anatero, tsopano osaseka. Ndinamenya katatu, mkono nkufooka, amuna ena nkulandira. Njerwa zinagwa mosavuta, ngati zinkadziwa kuti si pawo. Mizati iwiri yakale inaonekera, ndipo pamene matailosi amene ndinaikitsa pansi anasweka panatuluka simenti yofiira ija. Amayi anasesa fumbi, nayala mphasa. Bokosi linalowa molunjika, osakhudza kanthu, ndipo patapita kanthawi linatulukira pomwepo, nyimbo ili patsogolo.

Za kutchalitchi ndi kumanda sindikumbuka zambiri. Magalimoto anayenda pang'onopang'ono m'matope, dothi la pamanda linali lolemera pafosholo, ndipo poika nkhata yanga ya maluwa sindinathe kukweza maso. Palibe amene anandidzudzula, ndipo zimenezo zinandiwawa koposa.

Madzulo anthu atabalalika, mphepo inkalowa pachibowo chija nkumagwedeza makatani. Ndinapita kuseri, kumene zitseko za mukwa zakhala zikutchinga khola la nkhuku chiyambire ntchito ija. Ine ndi mmodzi wa ana a malemu tinazitsuka ndi madzi a mumgolo, tinazinyamula, nkuzitsamiritsa pamalo pake. Chiswe sichinazikhudze. Iye analowa kukagona. Ine ndinakhala pampando pakati pa njerwa zosweka, ndikuyang'ana mahinjesi adzimbiri, nkumaganiza za mmisiri amene ndikamuitane m'mawa.