Anthu Khumi pa Manda a Achemwali

Achemwali anga atabwerera kumudzi kuchokera ku Limbe atatheratu ndi matenda, ndinawapatulira kapu ndi mbale, n'kuwayalira mphasa kukhitchini. Ndinkati ndikuteteza ana anga. Iwo sanadandaule ngakhale tsiku limodzi, ndipo anamwalira chimanga chisanache.

Patapita zaka ndinalembedwa ntchito yomasulira pa kachipatala kena. Dokotala wake anali mayi wachiyuda, wamfupi, waukali ngati tsabola wa kambuzi. Tsiku lina anandiitanira pambali n'kupepesa kuti anandikalipira pamaso pa odwala. Ndinaseka. Bwana n'kupepesa womasulira?

Anandiuza kuti mawa lake linali tsiku lawo losala kudya, pomwe munthu amaunika moyo wake. Kwawoko, akuti, zimene walakwira mnzako Mulungu sakhululuka usanapite kwa mwiniwakeyo.

"Nanga mwiniwakeyo akakhala kuti anamwalira?" ndinafunsa, ngati ndikungocheza.

"Mumatenga anthu khumi, mumapita pa manda ake, n'kunena mokweza zimene munamuchita."

Ndikanadziwa sindikanafunsa. Ine ndinali nditalapa kale kutchalitchi, mwakachetechete, ndipo ndinkagona tulo. Mayiyo anabwerera kwawo n'kundisiyira mawuwo ngati minga kuphazi.

Kwathu ku Ndunde kumanda sikupitidwa wambawamba. Ukapezekako popanda maliro, dzuwa lisanalowe mudzi wonse wamva kuti ndiwe mfiti. Ndiye nditengenso anthu khumi? Ndinayesa kuuza amalume.

"Iwe, zagwa zatha. Ukufuna anthu aziti unamudya ndiwe mbale wakoyo?"

Nkhaniyo ndinaisiyira pomwepo. Kunena zoona, ndinasangalalako pang'ono kuti andiletsa, ndipo zimenezo zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Choncho mpata wanga ndi wa pamaliro basi. Mwezi wathawu tinakaika mayi wina woyandikana nafe. Ndinasuntha pang'onopang'ono mpaka ndinaima pafupi ndi mtumbira wa achemwali, womwe unatitimira kale. Anthu analipo, osati khumi okha ayi, mudzi wonse. Mawu ndinali nditawakonza kuyambira kunyumba: achemwali, ndinanyansidwa nanu, ndinakugonekani paphulusa.

Ndinatsegula pakamwa. Pompo amayi a chigwirizano anayambitsa nyimbo, ndipo ine ndinalandira, mokweza kuposa onse.