Njoka ya pa Galasi ndi Tsamba Lodulidwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene kompyuta inalowa m'nyumba mwathu. Bambo anga ankaphunzitsa masamu pasukulu ina ya mishoni m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, ndipo mzungu wina pobwerera kwawo anawasiyira kabokosi kakuda ka mabatani, galasi lake ndi mulu wa magazini. Masewera sankabwera okonzakonza ayi. Ankasindikizidwa m'magazinimo ngati mizere ya mawu ndi manambala, iwe n'kutayipa wekha mzere uliwonse, kenako n'kulamula makinawo kuti ailumikize. Ukaphonya kadontho kamodzi, makina ankakana. Magetsi akazima zonse zinkafufutika, poti kaseti yosungira inali itafa.

Ntchito yanga inali kuwerenga mokweza, bambo n'kumatayipa. Tinkalimbana ndi masewera a njoka yodya timadontho. Koma tsamba limodzi la pakati linali lodulidwa bwinobwino ndi sizasi. Masiku amenewo magazini akunja ankayamba adutsa m'manja mwa a boma, ndipo bambo ankaganiza kuti kuseri kwa tsambalo kunali chithunzi cha mzimayi wovala buluku, zomwe zinali zoletsedwa. Mizere yosowayo ankaipeka okha m'mutu akaweruka, koma njoka sinkatuluka.

Loweruka lina m'mawa tinangomva galimoto yaima pakhomo. Analowa anyamata awiri a chipani a malaya ofiira ndi bambo wina wajekete, osaodira n'komwe.

"Aphunzitsi, tamva kuti muli ndi wailesi yolankhulira ndi zigawenga zakunja," anatero wajeketeyo. "Kamtsikana aka ndiye kamawerenga manambala ake."

Ndinkadziwa za mphunzitsi wa sukulu ya kutsidya amene anakwezedwa galimoto yotereyi. Mkazi wake anali atatopa ndi kufunsa komwe ali.

"Ndi masewera a ana chabe, bwana," bambo anayankha.

"Tiseweretseni ndiye. Zikakanika, mukafotokozera kutsogoloko."

Jenereta ya pamishoni yotipatsa magetsi inkazimitsidwa dzuwa likafika paliwombo. Ndinayamba kuwerenga, chala chili pamzere. M'nyumba munadzaza fungo la thukuta ndi fodya. Amayi anaima pakhomo la kuchipinda, mwana ali kumbuyo, osamugwedeza ngakhale ankalira.

Titafika podulidwa paja, wajekete anaika chikhadabo pakachidutswa kotsalako. "Ili munatumiza kwa yani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti odula ndi a boma omwewo. Chidendene cha bambo chinandiponda chala chaphazi mpaka misozi inalengeza.

"Linafika choncho, bwana," anatero mofatsa. "Amene anadula ankadziwa ntchito yawo."

Anayamba kutayipa za m'mutu zija, zimene zinali zisanagwirepo ntchito chiyambire. Analamula makina. Makinawo anakana, n'kulemba nambala ya mzere wolakwika. Bambo anakonza, makina anakananso. Mnyamata mmodzi anayamba kukulunga manja a malaya. Ine ndinkangoyang'ana chithunzithunzi cha mtengo wa mapeyala chikufupika pabwalo. Bambo anatseka maso, milomo ikuyenda ngati akupemphera, kenako anafufuta mizere ingapo n'kulemba ina yaifupi.

Galasi linachita mdima. Kenako pakona panatulukira kanjoka, kopunduka ndithu, kongokhotera kumanzere, koma kakuyenda.

Wajekete anakoka mpando n'kudina batani. Kanjoka kanadziluma mchira n'kufa. Anyamata aja anaphulika kuseka, n'kudziletsa msanga. Wajeketeyo anayesanso, kenako anacheukira bambo akumwetulira.

"Ndiye njoka ija mumati ndi yamakani ngati a tcheyamani a chipani?"

Mawu amenewo bambo anawanena kamodzi kokha, tikudya, ndipo mlendo analipo mmodzi: a Nasimango, mnzawo wa amayi wa kutchalitchi, amene ankandiluka tsitsi n'kumanditcha mwana wawo.

"Makani ali nawo ndithu mkuluyo," wajekete anapitiriza. "Koma pakamwa, aphunzitsi, pakamwa."

Ananyamula kabokosi, galasi ndi magazini onse, ati akafufuze bwino. Sitinazionenso. Koma bambo anawasiya kunyumba, sanawakweze galimoto. Galimoto isanazimiririke kuchitunda, jenereta inazima.

Madzulo ake a Nasimango anabwera kudzapempha mchere. "Kunali alendo, anzanga?" Amayi anawathirira wodzaza dzanja, n'kuwaperekeza mpaka kumsewu akuseka nawo.

Lero mdzukulu wanga amakoka mizere yotereyi pa intaneti n'kudzimangira yekha masewera. Akuti aliyense angathe kuwerenga zonse zimene zili m'kati mwake, palibe chobisika. Chimenechi chokha ndiye ndimachivomereza pa zinthu zawozi, ngakhale ndimamufunsabe kuti analemba ndani, ndipo akufunanji. Ana anga amati ndine wovuta, poti mlendo akakhala pamkeka ndimatsina aliyense woyamba nkhani zotayirira. Anene. Makina aja ankakukanira pamaso, n'kukulozera pomwe palakwika. Munthu sakukanira. Amadya nawe, n'kunyamula mawu ako otentha kupita nawo kwina.