Ng'oma zitakhala chete, Yotamu anacheuka

Lachiwili ndinakwela basi pa Nyimba kupita ku chipatala ku Petauke, mwana pamiyendo.

Mwanayo ndi Yotamu, woyamba wanga, wa chaka ndi miyezi isanu ndi iwili. Mwezi watha anadwala malungo aakulu, anamubaya kwinini, anachila, tinathokoza. Koma chibwelele kunyumba, mwana sacheuka. Muitane, zii. Ndinamenya mbale kumbuyo kwake, iye ali kuseweletsa chitsononkho. Atate ake anamenyetsa chitseko, mwana anadzidzimuka, ine kulumpha ndi chimwemwe. Koma anesi a pa kiliniki yathu ku Luembe anati ndisafulumile, ngakhale wosamva amamva kugwedezeka m'thupi. Anandilembela kalata ya ku Petauke.

Amai anzanga, munayamba mwayang'anapo khutu la mwana tsiku lonse ngati lingakuyankheni?

Basi yake ndi izi zabwela chiyambile zipani zambili, zogwila kale ntchito ku Japani, za zilembo zoti palibe angawelenge. Adalaivala, a Mwanza, anaigula ili ndi tepi m'kati, ndipo tepiyo inakana kutuluka. Ayesa mpeni, ayesa sipoko ya njinga, yakana. Ndiye ulendo ulionse ndi tepi yomweyo, chifukwa ati popanda phokoso amawodzela pa chiongolelo.

Anaiyatsa tikutuluka m'tauni. Abale, sindinamvepo zotelo. Magitala kulila ngati chigayo chameza mwala, ng'oma ngati matalala pa malata, woimba ayamba bwinobwino ngati wa kwaya, kenako akuwa ngati wapondedwa ndi ng'ombe. Nyimbo zathu za kalindula ukaponda phazi, udziwa pomwe lipondenso. Izi ayi. Ukati waigwila njila yake, yakhota. Ithamanga, iima, ibwelela m'mbuyo, iyamba zina, koma nyimbo ikali yomweyo, kutalika ngati ulaliki wa pa Pasaka.

A Banda, bambo wachikulile amene anakhala pafupi nane, Baibulo lili pa bondo, anati izi ndi za Satana ndipo ndi mmene amalowela m'mitu ya ana. A Mwanza anaseka. Anati mphunzitsi wina anawauza kuti dzina lake ndi pulogulesivu metulo, nyimbo zachitsulo zosakhala malo amodzi, ndipo tepi yonseyo, nyimbo zisanu zokha, ikamba nkhani imodzi kuyambila koyamba mpaka kothela. A Banda anati ndiye nkhani ya ku gehena imeneyo.

Ine mantha. Ndinakweza manja kuti nditseke makutu a mwana. Manja atafika pa mutu pake ndipo ndinakumbukila kuti samva. Ndinawatsitsa.

Ng'oma zitalimba, Yotamu anayamba kuseka ndi kumenya mpando. Ndinadziletsa. Mpando wonse unali kunjenjemela, ndi zija ananena anesi.

Kenako zonse zinangoti duu. Kunatsala gitala imodzi, kachingwe kamodzi, kulila pang'onopang'ono ngati madzi akudontha m'ndowa. Mpando sunanjenjemelenso. Ndipo mwana wanga, amene anali kutafuna nsonga ya chitenje, anaisiya, anakweza mutu, anayang'ana kumanzele, kumanja, anapeza kasipika pamwamba pa chitseko, anakaloza ndi chala.

Sindidziwa mmene ndinaimilila. Ine amene ndimaopa ngakhale kupempha kuti atsegule windo, ndinakuwa kuti basi iime.

"Amai, mwana wasanza?" anafunsa a Mwanza.

"Bwezani tepi, bambo. Paja pachete paja. Chonde bwezani."

Ndinafotokoza mothamanga, mau akupingana. A Mwanza anaimika basi m'mbali mwa mseu, anazimitsa injini, anabweza tepi. Amai ena ogulitsa nthochi anauza onse kuti aliyense atseke pakamwa. A Banda ndiwo anati timutembenuze mwana ayang'ane kumbuyo, asaone sipika, kuti tisadzinamize. Anamugwila okha m'mapewa.

Basi yonse zii. Kachingwe kaja kanayamba.

Yotamu anapotoza khosi mpaka kutsala pang'ono kugwa pamiyendo panga, kufunafuna.

Nthungululu zake! Amai a nthochi anampatsa ziwili, wina anandikumbatila wosamudziwa, a Mwanza analiza hutala katatu pamseu wopanda munthu. Mwana anaopa hutalayo, analila, ndipo ine ndinaseka, chifukwa kulila kumeneko ndi kumene ndinakhala ndikupemphelela milungu itatu.

Ku chipatala adokotala anamuyesa ndi kachitsulo kolila. Anati kwinini nthawi zina imatseka makutu kwa kanthawi, ndipo ake ayamba kutseguka, lamanja latsogola. Sindinena kuti tepi inamuchilitsa. Makutu anali kutseguka okha. Koma ine kunyumba ndinali kumuyesa ndi phokoso lokhalokha, mbale, zitseko, kukuwa. Zinatengela anthu akutali, odziwa kuika kachete pakati pa chiphokoso, kuti ndione chimene chinali pamiyendo panga.

Tsono ndifunse. Chitsegukile dziko, zinthu zikungofika osagogoda: zovala za salaula, mabasi, matepi. Chimene sitichidziwa timachipatsa dzina limodzi, Satana, tisanachimve n'komwe. Sindiloza a Banda okha. Ine chaka chatha ndinatentha sikipa yabwinobwino ya amuna anga chifukwa inali ndi chithunzi cha chigaza. Kuopa n'kwabwino, mai wosaopa sasunga mwana. Koma mantha anga akanapambana tsiku lija, ndikanatseka makutu amene ndinali kupita kukatsegulitsa.

Anthu oimba aja sindiwadziwa, dzina lawo linatsala pa bokosi la tepi ku Japani. Koma munthu woimba moti ng'oma, gitala ndi mau zikhota pamodzi osasochelana kwa nthawi yonse ija, ameneyo wakhala pansi n'kuphunzila. Si misala.

Tsiku lija basi itanyamukanso, a Banda anapukuta m'maso ndi kansalu. Kenako anauza a Mwanza kuti iwo akali kunena kuti si nyimbo yoimba Mkhristu, koma popeza yayambika, aisiye ithe, amve kumene ikupita.

Nanga inu, zingati mwazimitsa nyimbo yoyamba isanafike pakati?