Banga Lomwe Linatumiza Ezekiele ku Malaya

Ezekiele Kathumba anali wa ku Mua, mwana wa mmisiri wowumba njerwa za pamishoni. Sukulu anailekezera panjira, koma masisitere ataona kuti magazi samuchititsa nseru, anamutenga kuti azithandiza ku chipatala cha akhate. Anakulira komweko, akutsuka zilonda, kumanga mabandeji ndi kuwiritsa masingano a jakisoni. Odwala ankamutchula kuti adokotala, iye n'kumakana, iwo osaleka. Anali wamfupi, wamapewa otambalala, wanthabwala, ndipo Lamulungu akayamba nyimbo m'tchalitchi mawu ake ankamveka mpaka kumsewu.

Anakwatira Fainesi wa kufupi ndi Mtakataka, nakhala pachikamwini kumeneko, kuntchito n'kumapita panjinga. Fainesi anamwalira njala ya 1949 itangotha, chifuwa chitamupeza thupi lili lofooka kale. Anasiya mwana mmodzi, Anjelina, wongophunzira kumene kulankhula. Akuchikazi atamusudzula Ezekiele, mwanayo anatsala m'manja mwa Namaliya, mkulu wake wa malemu, ndipo iye anasamukira m'kanyumba ka pamishoni. Loweruka lililonse ankapalasa njinga kukaona mwana, atamangirira nzimbe kapena malambe kumbuyo. Anjelina akangomva belu ankathamanga, bambo ake n'kumunyamula pamapewa kuzungulira naye mudzi wonse.

M'chilimwe cha 1951, akusamba mumtsinje wa Nadzipokwe, Ezekiele anaona banga lotuwa pamkono wake wamanzere, chakumtunda kufupi ndi phewa. Silinkawawa, silinkanyerenyetsa. Anakhala pansi pathanthwe, madzi n'kuwumira m'thupi. Mabanga otere anali atawaona pa anthu ambirimbiri, ndipo ankadziwa komwe amathera.

Anathyola minga nadzibaya pabangapo, popeza khate limapha khungu, munthu osamvanso kanthu. Tsiku limenelo anamva kuwawa. M'mawa mwake anabayanso, koma sanadziwe ngati akumvadi kapena maso ndiwo akumunamiza. Sabata zikupita, bangalo linabala ana awiri pachifuwa.

Kwa Asisitere aakulu kunali pafupi, kungowoloka bwalo, koma sanapiteko kukawaonetsa bangalo. Mankhwala atsopano anali atayamba kufika ndipo odwala ena ankachiradi. Chomwe Ezekiele ankadziwa n'chakuti dzina silichira. Anjelina akanakula akutchedwa mwana wa wakhate, anzake akumupatulira chikho. Choncho anayamba kuvala malaya a manja aatali dzuwa lili phwee, analeka kusamba ndi amuna anzake, ndipo akafika kwa Namaliya ankaika nzimbe pakhonde n'kukhala poteropo. Mwana akabwera kuti amunyamule, ankati, “Msana ukundipweteka, mayi. Pitani mukasewere.”

Namaliya anali mayi wosasunga mawu m'kamwa.

“Alamu, ngati mwapeza mkazi wina, nenani. Tinakusudzulani, palibe angakuletseni. Koma mwanayu walakwa chiyani?”

“Palibe mkazi, alamu.”

“Nanga mbale ya nokha mwayamba liti?”

Ezekiele anayang'ana nkhuku zomwe zinkapalasa pabwalo.

Pa siteshoni ya sitima ku Mtakataka pankakhala Laisoni, msilikali wakale wa Keyala yemwe tsopano ankagulitsa nsomba zowamba. Iyeyu ndiye anamuuza kuti asilikali akupita ku Malaya, kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo akufuna anthu odziwa kusamala ovulala.

“Sakugwira anthu ngati kale,” anatero Laisoni. “Wofuna adzipereke yekha. Inu mfuti simukaigwira, ntchito yanu ikakhala yomweyi ya zilonda.”

“Amayeza m'thupi?”

“Nthawi yathu ankangoona mano ndi kugogoda pachifuwa. Ukatha kuimirira, walowa.”

Ezekiele anapalasa njinga kubwerera ku Mua nkhaniyo ikumuzungulira m'mutu. Dziko la Malaya sankadziwa komwe lili, ndipo n'chomwe chinamukopa. Anaganiza kuti matendawo akakaonekera kumeneko, akamusunga kwa anthu osamudziwa, kwawo n'kungomva kuti bambo a Anjelina anatsalira kunkhondo. Mwana wa msilikali palibe amamupatulira chikho.

Asisitere aakulu anamuyang'ana nthawi yaitali atawauza.

“Kuno ukusowa chiyani, Ezekiele?”

“Ndikufuna ndikathandizeko kwina, amayi.”

Sanamukanize. Ezekiele anakwera phiri wapansi kupita ku Boma ku Dedza kukalembetsa dzina, ndipo mvula itayamba kugwa anaitanidwa ku Zomba.

Kumeneko anapeza kuti zinthu zinasintha chichokere Laisoni. Anawaika pamzere pakhonde la chipatala cha asilikali, kopolo n'kulamula kuti aliyense avule malaya. Ezekiele anayang'ana kuchipata, koma kumbuyo kwake kunali anthu, kutsogolo anthu. Anamasula mabatani.

Dokotala anali mzungu wadazi, wolankhula Chinyanja chothyokathyoka. Atafika pa iye anaima, namugwira mkono n'kuutembenuzira kowala.

“Ichi chinayamba liti?”

“M'chilimwe, bwana.”

“Ntchito yako?”

“Ndimatsuka zilonda za akhate.”

Amene anayandikana naye pamzere anasendera kutali. Dokotala anamulowetsa m'kachipinda, namumanga nsalu kumaso, namuuza kuti aziloza ndi chala paliponse pomwe wamva kukhudzidwa. Ezekiele ankaudziwa muyeso umenewu, anali ataugwiritsa ntchito pa anthu ena kosawerengeka. Kathonje kanamukhudza pamkono, iye analoza. Kanakhudza pachifuwa, analoza. Kenaka panapita kanthawi osamva kanthu.

“Sindikumva, bwana.”

“Chifukwa sindinakhudze,” anatero dokotala.

Anapitiriza, ndipo paliponse Ezekiele analoza molondola. Dokotala anamupapasa mitsempha ya pachigongono ndi m'khosi, napala khungu pang'ono n'kukaliyang'ana pa makina oonera tizilombo. Ezekiele anadikira pabenchi akunena pemphero la Tikuoneni Maria, kumangobwereza chiyambi chokha popeza mawu enawo anali atamuthawa.

“Si khate,” anatero dokotala pobwera. “Ndi mbale wake wa zipere, amakonda thukuta. Malaya ako otseka manjawa ndiwo akhala akumudyetsa. Udzole mankhwala awa. Ukupita ku Malaya.”

Ezekiele anatuluka panja nakakhala pansi pa mtengo wa mango. Poyamba anaseka, kenaka misozi inabwera yokha, ndipo sanaibise. Kopolo uja anamufunsa ngati wakanidwa. Iye anapukusa mutu, nati akumva njala. Anadya mbale ziwiri za nyemba tsiku limenelo, chakudya choyamba kuchimva kukoma chiyambire chilimwe.

Anawapatsa masiku okatsanzika kwawo. Atatsika sitima ku Mtakataka anali atapinda manja a malaya mpaka m'mapewa. Anjelina ataona bambo ake anaima patali, monga anali atazolowera. Ezekiele anamutsata yekha, namunyamula, namukhazika pamapewa. Mwanayo anawagwira makutu.

“Msana wapola?”

“Wapola, mayi.”

Kwa Namaliya anaulula zonse atakhala pamphasa, namuonetsa bangalo lomwe linali litayamba kale kuzirala. Namaliya anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali patsaya.

“Ndiye munthu wogwira ntchito kuchipatala, mwapita mpaka ku Zomba kukafuna dokotala?”

“Mantha, alamu.”

“Ine ndimati ndi mkazi. Ndinali nditamusankhira kale mawu.” Anaseka, napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. “Basi, kawauzeni a Keyalawo kuti simupita. Chomwe mumathawa palibe.”

Ezekiele anali ataliganizira kale funso limeneli m'sitima. Chifukwa chomwe analembetsera chinali chitathadi. Koma ku Zomba anali ataona anyamata omwe ankapita nawo, ena a ku Golomoti konkuno, osadziwa ngakhale kutsuka bala la khasu. Dzina anali atapereka yekha, popanda womukankha. Ndiponso, kwa nthawi yoyamba, anazindikira kuti nyanja yamchereyo akufunadi kuiona.

“Ndipita, alamu. Poyamba ndimapita kuti ndisabwerenso. Tsopano ndikupita kuti ndibwere.”

Namaliya anang'ung'udza masiku onse otsalawo, koma anamukazingira mtedza wodzaza thumba, ndipo m'mawa wonyamuka anamuperekeza mpaka pasiteshoni.

Ku Malaya anakhalako pafupifupi zaka ziwiri. Za mfuti sankakonda kukamba. Ankakamba za nkhalango yosalowa dzuwa, za misundu yomwe inkalowa mpaka m'majombo, za mapazi a asilikali owola ndi chinyezi. Ananyamulapo ovulala pamachira, ena anafika nawo amoyo, ena ayi. Anaphunzira kusoka bala ndi kugwirizitsa fupa lothyoka, ntchito zomwe kale ankangoziona ndi maso.

Anabwerera mu 1954, m'nyengo ya dzinja. Sitima inaima ku Golomoti chifukwa madzi anali atakwera panjanji, ndipo iye sanafune kudikira. Anasenza bokosi lake nayenda wapansi, matope mpaka m'mawondo. Anjelina, yemwe tsopano anali pasukulu, anamugwadira n'kumupatsa moni ngati mlendo, ndipo panapita sabata asanayambe kumufunsa ngati n'zoona kuti madzi a nyanja ija sangamweke.

Asisitere anamulandiranso, koma sanamubwezere ku mabandeji okha. Anamupatsa njinga yatsopano ndi bokosi la mankhwala kuti aziyendera midzi ya kuchigwa, kuyambira ku Mtakataka mpaka ku Bwanje. Chaka chotsatira anakwatira mayi wina wamasiye wa ku Golomoti, wolima thonje, ndipo amene anaphika thobwa la paukwatiwo anali Namaliya.