Mmene Asibweni Ankadwalira M'malo Mwanga

Ndiyambe ndi kupepesa chifukwa cholimba mtima n'kulemba. Ndine wa sukulu ya kumudzi, ndinalekezera giredi naini, komanso ndimamwa mapilitsi a matenda a maganizo tsiku ndi tsiku. Kwathu cha ku Chikomeni, munthu wotere akalankhula anthu amayamba ayang'anana asanamuyankhe. Ngati nanunso muyang'anane powerenga, palibe mlandu, ndinazolowera. Ndipepesenso kwa amalume anga, amene timawatchula kuti asibweni potsata Chitumbuka cha amayi. Ndi munthu wabwino, ndipo zonse zimene ndilembe pano anazichita pondikonda, monga ankauzira aliyense amene takumana naye panjira.

Matendawa anandipeza m'nyengo yothyola fodya. Tulo tinathawa, mawu anachuluka m'kamwa, ndipo ndinkaona ngati dziko lonse likudikira ineyo kuti ndilikonze. Tsiku lina masana ndinakwera pamwamba pa chigafa choyanikamo fodya n'kuyamba kulalikira. Pansi panali mbuzi zokhazokha. Sindikumbukira zimene ndinanena, koma akuti mbuzi zina zinakhalapo mpaka kumapeto, zimene sizichitika kawirikawiri ngakhale kutchalitchi kwathu.

Anandiimbira ng'oma za vimbuza mpaka nkhuku za amayi zinatha. Abusa anandipempherera atagwira mutu wanga ndi manja awiri ngati dzungu limene akuganiza zoligula. Zonsezo zitakanika ndi pamene anandinyamula kupita kuchipatala china chimene sinditchula dzina. Ndinene poyera kuti mapilitsi anandithandiza. Tulo tinabwerera, ndinayambanso kuzindikira kuti ndine mwana wa amayi anga osati mneneri. Ndimamwabe mpaka lero ndipo sindifuna kuti wina awerenge izi n'kutaya ake.

Kuchipatala anatiuza kuti ndizipita mwezi uliwonse ndi wondiperekeza. Bambo anamwalira kale, amayi mwendo umawavuta, choncho asibweni anadzipereka. Anadzipereka mofulumira ndithu. Tsiku lachipatala ankavala jekete la ku maukwati, ankamanga kathumba ka mtedza kokagulitsa kwa amalonda a ku Kasungu pamsika wa Lundazi, ndipo m'galimoto ankauza anthu kuti, "Nipeleka wodwala." Anthu ankawapatsa malo abwino okhala. Ine ndinkakhala pa matumba a chimanga.

M'chipinda cha adokotala munali mipando iwiri ya alendo. Wina unali pafupi ndi tebulo, wina pafupi ndi chitseko. Ndinaleredwa bwino, sindikanatha kukhala kutsogolo mkulu ali kumbuyo. Asibweni ankakhala pafupi ndi tebulo, ine kuchitseko, manja pamaondo, maso pansi. Ulendo woyamba zinali zoyenera kuti adokotala afunse iwo, chifukwa ine ndinali kuuza khoma za chiweruzo. Koma mipando ija inakhala momwemo, ndipo mafunso anazolowera njira yake.

"Muli uli, adada? Wodwala wathu ali bwanji mwezi uno?"

"Yewo, dokota. Tili kulimbana naye."

"Agona?"

"Uyu? Tulo ndi iye ni mphaka na khoswe."

Ine ndinali nditagona ulendo wonse pa matumba aja, mpaka wothandiza dalaivala anachita kundigwedeza ndi phazi. Kunyumba ndinkadzuka anthu akubwerera kumunda. Koma mwana satsutsa mkulu pamaso pa mlendo. Ndinkangoyang'ana zala za kumapazi. Adokotala ankandiyang'ana pang'ono, n'kuona mnyamata wosalankhula, wosayang'ana munthu m'maso, ndipo ankagwedeza mutu ngati aona chimene amayembekezera. Ulemu umene amayi anandiphunzitsa ndi mkwapulo unkalembedwa ngati chizindikiro cha matenda.

Ndiye panali nkhani ya chigafa. Asibweni ankaifotokoza mwezi uliwonse ngati yachitika dzulo, ndipo inkakula ngati dzungu la pachulu. Mbuzi zija zinasanduka ng'ombe. Chigafa chinasanduka denga la tchalitchi. Pofika chaka chachiwiri, ndinali nditayamba ulendo wa ku Lukusuzi kukalalikira njovu, ndipo iwo anandigwira mwendo ndili pafupi kulowa m'thengo. Nthawi zina ndinkamvetsera n'kumamumvera chisoni mnyamata ameneyo.

Tsiku lina tikudikira galimoto yobwerera, ndinadzilimbitsa n'kuwafunsa mwaulemu chifukwa chake amanena kuti sindigona.

"Iwe ndiwe mwana, sudziwa chipatala," anatero akusenda nthochi. "Kuchipatala sunena kuti uli bwino. Ukanena choncho akupatsa tumankhwala twa chimfine, wabwelela chabe. Ufunika kuwonjezela mchele kuti akupatse wamphamvu."

Pamenepo sankanama. Ndi mmene anthu ambiri kwathu amachitira. Mutu ukamawawa pang'ono umanena kuti ukung'ambika, mwana akatsegula m'mimba kawiri umanena kuti wachezera. Kwa malungo mwina zimathandiza. Kwa ine zinabweretsa mankhwala amphamvudi. Adokotala anandiwonjezera kamodzi, kenako kachiwirinso. Manja anayamba kunjenjemera moti tiyi ankatayikira pamalaya. Lilime linalemera, dovu linkatuluka ndisanadziwe, ndipo ndinkayenda ngati ng'ombe yomangidwa goli yokhayokha. Anthu ankandiona n'kunena kuti matenda akula, ndipo asibweni ankanyamula mawu amenewo kupita nawo kuchipatala mwezi wotsatira.

Kamodzi ndinayesa. Adokotala atafunsa za tulo, ndinatsokomola n'kutsegula pakamwa.

"Mwaona, dokota? Wayamba," anatero asibweni.

Ndinatseka.

Pabenchi yodikirira ndinaona kuti sindinali ndekha. Odwala tinkakhala chete ngati katundu, operekeza akupikisana. "Wanga anang'amba matilesi." "Matilesi chabe? Wanga anathamangitsa aphunzitsi." Panali mayi wina amene mwamuna wake ankamuyankhira ngakhale moni. Ine ndi mayiyo tinkangoyang'anana n'kumwetulira pang'ono. Sindinamvepo mawu ake.

Chimene chinandiopsa chinali munda. Bambo anandisiyira munda wa mtedza kumunsi kwa mudzi, ndipo chaka chimenecho unagonera chifukwa khasu linkandipulumuka m'manja. Abale a bambo anakhala pansi n'kugwirizana kuti ngati sindiulimanso mvula ikubwerayi, aupereka kwa msuweni wanga. Ananena mokoma kwambiri, kuti akufuna kundipeputsira katundu. Msuweniyo anayamba kale kudutsa m'mundamo madzulo, manja kumbuyo, akuyang'ana malire. Kunja kunali kutatentha, mitengo itaphuka masamba atsopano, anthu akugalauza. Ine ndinkagona.

M'masiku amenewo kunabwera uthenga woti kuchipatala kudzakhala mwambo wa tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo, ndipo akufuna wodwala mmodzi adzapereke umboni. Anasankha ine chifukwa ndinali waukhondo ndi wosavuta. Asibweni anachapitsa jekete.

Tinapeza atakhoma tenti pabwalo. Mutentimo munali mipando ya alendo olemekezeka, madzi a m'mabotolo ndi maluwa apulasitiki. Ife odwala anatikhazika pa mabenchi kunja, padzuwa la Okutobala, mwina kuti alendo azitiona bwino. Anagawa matisheti olembedwa mawu otilimbikitsa. Anayambira mutenti, n'kupita kwa ogwira ntchito, n'kufika kwa operekeza, ndipo anathera pomwepo. Asibweni anavala yawo pamwamba pa jekete.

Mlendo wamkulu anafika mochedwa ndipo analankhula nthawi yaitali. Ananena kuti odwala maganizo ndi anthu ngati wina aliyense, kuti nthawi yowasala inatha, kuti chofunika koposa ndi kuwamvetsera. Ananena zimenezi atatifulatira, chifukwa wojambula anali mbali inayo. Tinawomba m'manja. Anga ankanjenjemera kale, choncho sizinandivute.

Kenako anaitana wodwala wopereka umboni. Ndisanadzuke n'komwe, asibweni anali atafika kale pa maikolofoni.

"Mwana uyu ni wamanyazi, olemekezeka. Lekani nimukambile ine, amene navutika naye."

Palibe anaona cholakwika. Mlendo wamkulu anagwedeza mutu mwachifundo. Asibweni anakonza kukhosi n'kuyambira pa tsiku limene ndinabadwa.

Sindinganene kuti ndinakwiya, chifukwa mankhwala aja sankandisiyira mphamvu zokwiyira. Ndinangoganiza kuti kwa nthawi yoyamba asibweni ali kutali ndi ine ndipo sachoka pamenepo msanga. Ndinadzuka ngati ndikupita kuchimbudzi, n'kuzungulira kuseri, n'kukagogoda pachitseko cha chipinda chija.

Adokotala athu a masiku onse anali kutenti. M'chipindamo munatsala mayi wina, dokotala nayenso, amene anamusiya kuti aziyang'anira odwala odzidzimukira. Nkhope yake inkaonetsa kuti nayenso tisheti inamudutsa.

"Wokupelekeza ali kuti?"

"Ndi amene akulankhulawo, amama."

Ndinapita ku mpando wa kuchitseko, phokoso la kutenti litadzaza chipinda.

"Kumeneko nizakumvela bwanji na chongo ichi? Bwela pano."

Ndinakhala pampando wa asibweni. Unali mpando wamba, mwendo umodzi waufupi. Pawindo pankalowa mawu awo kuchokera pa zokuzira mawu, ndipo anali atafika pa Lukusuzi. Mayiyo anamvetsera kwinaku akuwerenga zimene anzake analemba za ine.

"Ndiwe wa njovu?"

"Ndine, amama."

"Zinalapa?"

"Zinali mbuzi, amama. Ndipo papita zaka ziwiri."

Anaseka pang'ono, kenako analeka. Anandifunsa mmene ndimagonera. Ndinayang'ana kuchitseko, poopa kuti ndikuneneza mkulu. Koma ndinaganiza kuti mwambo umaletsa kutsutsa mkulu pamaso pake, ndipo maso awo anali kutenti. Ndinanena kuti ndimagona usiku wonse ndi theka la usana. Ndinanena za dovu, za tiyi, za khasu. Ndinanenanso za munda ndi za msuweni wanga woyenda manja kumbuyo. Mawu ankatuluka olemera ndipo ena ndinkawabwereza, koma anadikira.

Anandiuza kuti nditambasule manja, kenako ndiyende mpaka kukhoma n'kubwerera. Anapinda mkono wanga n'kuuwongola kangapo.

"Nanga zonsezi sunakambe chifukwa chani?"

"Sanandifunse, amama. Amafunsa asibweni."

"Ndipo iwe pakamwa unasiya kunyumba?"

"Ndi akulu."

Anapumira m'mwamba ngati munthu amene wamvapo yankho limenelo. Anati sachotsa mankhwala, chifukwa chigafa chikadalipo ndipo sakufuna ndikwerenso. Achepetsa pang'onopang'ono, ndibwerenso pakapita masabata awiri kuti aone. Tulo tikayambanso kuthawa kapena mawu akachuluka, ndisabise, ndithamangire kuchipatala ndi aliyense amene ali pafupi. Anawonjeza kuti kuyambira tsopano ndizilowa ndekha poyamba, asibweni azidikira pabenchi, aziitanidwa pambuyo kuti anene zimene aona.

Nditatuluka ndinapeza anthu akuwomba m'manja. Asibweni anali kugwirana chanza ndi mlendo wamkulu, ndipo amayi ena mutenti ankapukuta misozi. Sanadziwe n'komwe kuti ndinachokapo. Ndinawauza tili m'galimoto.

"Wakamba kuti uli bwino? Mwana iwe, waononga zonse zimene namanga."

Amandiperekezabe, chifukwa mtedza sungadzigulitse wokha, ndipo pabenchi apeza omvera atsopano. Akaitanidwa m'chipinda amanena zoona pang'ono, poti amadziwa kuti ndayamba ndine.

Manja sanasiye kunjenjemera tsiku lomwelo, zinatenga nthawi. Mvula yoyamba inandipeza nditagalauza theka la munda, mizere yokhota, koma inali yanga, ndipo abale a bambo sanayambitsenso nkhani ija. Msuweni wanga amandipatsa moni wouma.

Kwa akuluakulu oyendetsa zipatala ndilibe mawu ambiri, ndipo sindikudziwa ngati ndili woyenera kuwapempha kanthu. Matisheti asungeni, sitikwiya. Koma mwana wa kumudzi sadzakhala pampando wakutsogolo mkulu ali chiimire, ndipo sadzanena kuti mkulu wanama. Mukadikira kuti achite zimenezo mudzamudikira mpaka kalekale, uku mukumuwonjezera mapilitsi. Mutulutseni kaye mkuluyo mwaulemu, mumupatse benchi, n'kufunsa mwini mutu. Mayi uja wa pabenchi ndinamuuza kuti n'zotheka kupempha kulowa wekha. Mwamuna wake anandiyankha kuti amva.

Kwa ine, zoti munthu wina azidwala m'malo mwanga zinatha tsiku la tenti lija, pa 10 Okutobala chaka chatha.