Mutu wa Bana Mwansa

Ntchito yanga yoyamba inandipeza ndili ndi chipeso m'manja. Ndinkaluka tsitsi pamsika wa Mtendere pamene kunabwera mayi wina wa magalasi, Ba Dokota Tembo, wofufuza mmene ubongo umauzira dzanja kuti "gwira" kapena "leka". Anandiyang'anitsitsa zala, n'kunena kuti andiyesa sabata imodzi ku labu kwawo.

Ntchito inali iyi: munthu timamuveka chipewa cha mawaya, timabatani take tikhudze khungu la mutu, tithirepo jelo. Akaona nyali yobiriwira adine batani, ikayaka yofiira aleke, kompyuta ikujambula mizere ya ubongo. Koma opanga chipewacho tsitsi lathu salidziwa, ine ndikuuzeni! Likakhuthala, mizere imangovina. Ndiye ine ndinkaluka mukule motsata timabatanito kuti khungu lioneke.

Lachisanu, tsiku lomaliza kundiyesa, anabwera mayi wina, Bana Mwansa a ku Kalingalinga, atalukitsa tsitsi latsopano chifukwa mawa lake inali kicheni pate ya mwana wawo, phwando lotsogolera ukwati. Atangomva zomasula, ananyamula chikwama.

"Mutu wanga simuzaugwira, olo mukhale ba dokota!"

Ba Dokota anafotokoza sayansi mpaka malovu anauma, koma ayi ndithu. Ine mantha. Ndinadziwa kuti akatuluka pakhomo, Lolemba ndibwerera kumsika.

Ndinaliyang'ana bwino tsitsilo. Amene anawaluka anakoka ngati akumanga thumba la makala, m'mphepete monse muli tiziphuphu. Ndinawafunsa chapansipansi ngati anagona bwino. Anaulula kuti mutu ukuwawa kuyambira dzulo, mapiritsi sakuthandiza. Ndinawapempha kuti ndimasule, tijambule, tikatha ndiwaluke lina lokongola, losawawa.

Mizere inatuluka yoyera bwino, mpaka Ba Dokota anaomba m'manja. Bana Mwansa anadina pa nyali yofiira kawiri, n'kumakana kuti si iwo, ndi chala. Titatha ndinawaluka maola atatu mu labu momwemo, Ba Dokota ndi maphunziro awo onsewo akundipatsira tsitsi loikira. Ndinaseka mpaka misozi.

Lolemba ndinapeza jasi loyera pampando, atalembapo dzina langa.

Zam'kati mwa mutu ndikuphunzirabe, n'zambiri. Koma mpaka lero, ndisananyamule chipewa, ndimayamba ndafunsa mwini mutu ngati pena pakuwawa.