Dzanja Limene Linatseka Valavu

Achimwene, lero ndatseka mpopi mwachangu, paipi n'kugunda m'khoma. Ndakumbukira tsiku lija m'ma 1970, kunyumba kwanu ku North York, kutsidya kwa nyanja, mutangobwera kuchokera ku zitsime za mafuta. Munandigwira dzanja: "Iwe, tseka pang'onopang'ono. Kuntchito kwathu, ndodo ya pampu ikamakwera imakankha mafuta mwamphamvu. Ukatseka valavu, mpopi wa pa paipi ya mafuta, pampu ikuyenda, mafutawo amasowa kolowera, paipi n'kuphulika."

Paipi ya kuntchito kwanu itaphulikadi n'kukuphani, akampani anati munatseka valavu pampu ikuyenda. Ndawerenga mokwanira za ngozi zotere, ndikudziwa kuti zimachitika. Koma inuyo, amene munkachitira chifundo ngakhale mpopi wa kukhitchini? Umboni ndilibe, choncho sinditchula munthu. Komabe sindinavomerepo kuti dzanja limene linatseka valavu lija linali lanu, achimwene, ndipo ndikufunsabe kuti linali la ndani.